Adjuster wa kampani si nkhoswe yako: zomwe zinandionekera madzi atagwetsa siling'i ku Houston

Linali Lachitatu pa 17 February 2021, cha m'ma 3 koloko masana. Tinali titatha masiku awiri opanda magetsi, ana atavala majekete awiriawiri m'nyumba momwemo, tonse tikugona chipinda chimodzi kuti tizifunditsana. Magetsi atangobwera ine ndinathamangira kukhitchini kukatereka madzi a tiyi, nde ndikumva kaphokoso kuchokera kumwamba, ngati mvula ikamayamba pa malata koma chapansipansi. Ndisanawaitane n'komwe bambo aana, siling'i ya pabalaza inatupa ngati mimba ya ng'ombe yokhuta, penti n'kuyamba kulendewera, kenako phwaa! Chigawo chonse chinagwera pa sofa pamodzi ndi thonje lija amayala kudenga lotchinga kuzizira, litanyowa, lolemera ngati bulangete longochapa kumene. Madziwo sikuti amadontha ayi, amakhuthuka ngati pa mjigo.

Bambo aana anatuluka opanda ndi nsapato zomwe kukafuna potsekera madzi. Zaka 6 tili m'nyumba imeneyi koma panalibe anadziwa kuti potsekera pali pati. Anakapeza kunja m'mbali mwa khoma, chogwirira chitauma ndi chisanu, pomwe amakwanitsa kupotokola panali patatha mwina mphindi 25. Mphindi 25 zimenezo ndi zomwe zinatidyera miyezi 7.

Amene simunakhaleko kuno mwina mukudabwa kuti payipi ikutani kudenga. Nyumba zambiri za kuno ku Houston, m'boma la Texas ku America, anazimanga poganizira kutentha osati kuzizira, nde mapaipi amadutsa m'mwamba pakati pa denga ndi siling'i, ena osakutidwa n'komwe. Sabata imeneyo kunazizira mpaka 13 pa muyezo wawo wa Fahrenheit, ndiye kuti pafupifupi -11 pa Celsius, ndipo m'bandakucha wa Lolemba pa 15 bungwe loyendetsa magetsi ku Texas la ERCOT linalamula kuti ayambe kuzimitsa, nyumba ndi mabizinesi opitirira 4.5 miliyoni zinakhala mumdima. Madzi akauma m'payipi amafufuma n'kuing'amba, koma iwe sudziwa kanthu mpaka atasungunuka. Boma la Texas pambuyo pake linati anthu 246 anamwalira ndi chisanu chimenechi, nde ndikamadandaula za siling'i ndimadziwa ndithu kuti ena anataya zoposa.

Inshuwalansi tinali nayo, poti kuno banki singakupatse ngongole ya nyumba opanda inshuwalansi. Ndinaimba foni usiku omwewo, ndinadikira pa laini pafupifupi maola awiri foni ili pa chaja, anandipatsa nambala ya claim, pempho langa loti atilipire, nati abwera adjuster, munthu owerengera zowonongeka. Anabwera patatha masabata atatu. Munthu waulemu kwabasi, anandiuza kuti wachokera boma lina kudzathandiza poti ntchito yachuluka, ndipo tsiku limenelo anali ndi nyumba zina zingapo zoti ayendere. Ndinamulandira ngati mmene timalandirira mlendo kwathu, mpando, tiyi, mpaka kumupepesa kuti m'nyumba mukununkha chinyontho. Anajambula zithunzi, anayeza pabalaza, anasuzumira kudenga ali pa makwerero, mphindi 40 zisanakwane anali atapita. Ine mumtima ndinati basi, wationa mavuto athu, atithandiza.

Pepala linabwera pa imelo. Anawerengera kuti kukonza zonse ndi $12,300. Pamenepo anachotsapo $2,900 yomwe amati depreciation, kutanthauza kuti zinthu zako zinali zitagwirako kale ntchito sizinali zatsopano, n'kuchotsaponso $2,500 ya deductible, ndalama yomwe mumagwirizana poyamba kuti ngozi ikachitika gawo limenelo ulipira wekha. Cheke chinali cha $6,900. Makontirakita awiri omwe tinawaitana, wina anati $34,000 wina $39,500.

Ndinakhala pa bedi ku hotela komwe tinasamukira, mapepala atatuwa ndawayala pamiyendo, mutu osagwira. Bambo aana anati, "Mayi aana, tingothokoza Mulungu, ena sanalandire kalikonse. Tidzakonza pang'onopang'ono, ndiwonjezera mashifiti." Ndipo ndikuuzeni zoona, inenso maganizo anga anali omwewo. Tinaleredwa kuti munthu akakupatsa kanthu umalandira ndi manja awiri, kubweza kapena kunena kuti zachepa ndi mwano. Kuwonjezera apo uli m'dziko la eni, umaopa kuti ukalimbana ndi kampani yaikulu mwina akuchotsa, mwina ulowa m'mavuto ena osawadziwa. Koma inshuwalansi si mphatso abale. Tinali titalipira chaka ndi chaka kwa zaka 6, ndi malonda, ndipo pa malonda munthu umanenerera.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wa ku Kenya yemwe timapemphera naye, nesi, nyumba yake inamira nthawi ya namondwe Harvey mu August 2017. Nditamuonetsa mapepalawo anandifunsa funso limodzi, "Achemwali, munthu anabwera uja amamulipira ndani?" Ndinati kampani. Nde anati, "Nanga wanu ndi ndani?"

Funso limeneli linandikumbutsa za kumudzi kwathu ku Ntcheu nthawi yokolola, vendor amabwera ndi sikelo yake, amayeza yekha, amawerenga yekha, iwe n'kumangovomera. Sikuti aliyense obwera ndi sikelo ndi wakuba ayi, koma sikeloyo ndi yake. Kapena tinene nkhani ya banja, kuchimuna ali ndi nkhoswe yawo, iwe wapita wekha n'kumayembekeza kuti nkhoswe ya anzako ikuyankhulira. Ma adjuster alipo a mitundu itatu. Pali olembedwa ntchito ndi kampani ya inshuwalansi. Pali amene amati independent, dzinali limapusitsa chifukwa munthu umaganiza kuti alibe mbali, chonsecho ndi aganyu omwe kampani imawabwereka ntchito ikachuluka, ngati anabwera kwathu uja, ndipo malipiro awo amachokera ku kampani komweko. Wachitatu ndi public adjuster, ameneyu ndiye umamulemba iweyo mwini nyumba, amawerengera zowonongeka m'malo mwako, amakambirana ndi kampani m'malo mwako, ndipo umamulipira iweyo pa ndalama zomwe zatuluka. Anzathu muli ku Britain, kumeneko wa kampani amamutcha loss adjuster, wako ndi loss assessor. Si ntchito yachilendo, bungwe la ma public adjuster kuno ku America lotchedwa NAPIA linayamba mu 1951, koma ine zaka zonsezi ndinali ndisanamvepo.

Ndisanapitirire ndichenjeze kaye, chifukwa ngozi ikagwa afisi nawonso amatuluka. Masabata amenewo pachitseko pathu panagogoda anthu ambirimbiri. Wina anabwera ndi thiraki yolembedwa bwino, nati iye akonza nyumba yonse, za inshuwalansi azikambira yekha ndi kampani, ndipo deductible tisadandaule aikhululuka. Zinamveka zokoma zedi pa nthawi yomwe tinalibe ndalama. Koma ku Texas zonse ziwirizi lamulo limakana. Kontirakita sangakhale adjuster wako pa nyumba yomwe akukonza, ndipo kuyambira September 2019 kukhululuka deductible ndi mlandu. Public adjuster weniweni amakhala ndi layisensi yochokera ku Texas Department of Insurance, amene amafupikitsa kuti TDI, ndipo dzina lake ukhoza kulifufuza pa intaneti pa tsamba lawo, zaulere, mphindi zochepa. Lamulo lake lili mu chaputala 4102 cha Insurance Code, limati asatenge kupitirira 10 peresenti ya ndalama za claim, asachite nawo ntchito yokonza nyumbayo, mgwirizano ukhale olemba, ndipo ukasaina uli ndi maola 72 oti ukhoza kusintha maganizo n'kuuthetsa. Ngakhale nthawi yobwera kudzakunyengerera inaikidwa malire, kuyambira 9 m'mawa mpaka 9 usiku, Lamulungu kuyambira 12 masana. Boma lililonse lili ndi malamulo ake, ku Florida mwachitsanzo ndi 10 peresenti ngati ndi ngozi yomwe boma lalengeza ndipo chaka chisanathe, nthawi zina zonse amafika 20.

Ndinayankhula ndi ma public adjuster atatu. Amene ndinamusankha sanali okoma pakamwa, chomwe chinandikopa n'choti anakana kundiuza kuti tipeza zingati asanawerenge policy, buku la mgwirizano wathu ndi kampani ya inshuwalansi. Winayo pa foni pomwepo anali atalonjeza kale kuti ndalama zichuluka kasanu, nyumba asanaione. Mayi wa ku Kenya uja anali atandinong'onezanso kuti ndifunse bwino, 10 peresentiyo ndi ya ndalama zonse kapena zokhazo zomwe ziwonjezereke pamwamba pa cheke choyamba? Chifukwa $6,900 ija tinali titaipeza kale tokha iye asanabwere. Ndinafunsa mawu akunjenjemera, anaganiza pang'ono n'kuvomera kuti atenga pa zowonjezera zokha, ndipo tinalemba momwemo mu mgwirizano. Safunsa anadya phula, akulu sananame.

Tsiku loyamba anakhala m'nyumba mwathu maola 4. Apa nde ndinaona kusiyana. Anali ndi kachipangizo ka mano awiri komwe amabaya pa khoma kakuonetsa chinyontho, ndi kamera ina yoonetsa malo ozizira ndi otentha m'mitundu. Khoma la pakati pa balaza ndi khitchini kuliona ndi maso linali bwinobwino, penti osasintha. Atabaya kachipangizo kaja kanalira mpaka manambala kufika kumapeto. Anagwada, n'kuchotsa kathabwa ka pansi pa makabati a kukhitchini, n'kundiitana kuti ndiunike ndi foni. Pansi pamenepo panali madzi akuda atadikha, matabwa a makabati atafufuma ngati buledi oviikidwa mu tiyi, ndi fungo lomwe mpaka lero ndikalikumbukira limandinyansa. Mwezi ndi theka madzi ali pamenepo ife tikudutsa. Pa pepala la kampani khitchini sinatchulidwe n'komwe.

Pansi pathu tinayala matabwa ochita kulumikiza aja, kuchokera pabalaza kudutsa mu kolido mpaka kuchipinda chodyera osadukiza. Kampani inawerengera kusintha kachigawo ka pabalaza pokha. Iye anafufuza n'kupeza kuti mtundu umenewo anasiya kupanga, nde sungazule theka n'kuikapo zina zosiyana pakati pa chipinda, anawerengera ponse mpaka pomwe pali chitseko. Anakwera kudenga n'kukwawa ndithu mpaka kumapeto, anapeza kuti payipi inang'ambika malo atatu osati amodzi, ndipo thonje lotchinga kuzizira linanyowa dera lalikulu kuposa lomwe linalembedwa. Analemba zinthu zomwe ine sindikanaziganiza, kuchotsa ndi kubwezeretsa mafani a kudenga, kusuntha katundu ndi kumusunga kwina pokonza, kutaya zinyalala, kupenta khoma lonse osati chigamba chokha, makina oumitsa nyumba masiku angati. Onse awiri, wa kampani ndi wathu, amagwiritsa ntchito pulogalamu imodzi ya pa kompyuta yotchedwa Xactimate, yomwe ili ndi mitengo ya dera lililonse. Nde mkangano nthawi zambiri sukhala pa mtengo wa chinthu, umakhala pa zomwe zalowetsedwamo ndi zomwe zasiyidwa. Pepala la kampani linali masamba 9. Lake linali 41.

Anandikhazikanso pansi ndi policy yathu, buku lomwe ndinali ndisanalitsegulepo chigulireni nyumba. Anaitanitsa ku kampani yathunthu ndi masamba onse owonjezera, poti zomwe timasunga ambirife ndi tsamba loyamba lokha la manambala. Mmenemo ndi mmene ndinadziwira kuti $2,900 ya depreciation ija sinatayike, policy yathu inali yobwezera pa mtengo wa chinthu chatsopano, kampani imangoigwira kaye mpaka utakonza n'kutumiza malisiti, ndipo pali nthawi yake yoti utumize isanathe. Anthu ambiri ndalama imeneyi amaisiya osadziwa. Ndinadziwanso kuti ndalama za hotela, ndi zomwe timaononga kugula chakudya chophikaphika kuposa mmene timaonongera tikamaphika tokha, zili ndi gawo lakelake mu policy. Ife malisiti tinali tikungotaya. Ndinachita kubwerera ku sitetimenti za ku banki kusanthula limodzilimodzi.

Koma ntchito yomwe inandiliza ndi ya kulemba katundu. Iye amakupatsa fomu ndi kukuthandiza mitengo, koma odziwa zomwe zinali m'nyumba ndi iweyo. Chilichonse ulembe, dzina, unagula liti, kuti, ndalama zingati. Sofa, TV, kapeti, mabuku a ana, laputopu ya sukulu, zimenezo zinali zosavuta. Pakona pabalaza panali masutikesi awiri omwe ndinali ndikudzaza kwa chaka chathunthu kuti ndidzapite nawo kumudzi, nsapato za ana a achemwali anga, mabulangete a amayi, mafuta odzola, zonse zinanyowa ndi madzi osakanikirana ndi fumbi la siling'i. Pansi pa sutikesi ina panali alubamu ya zithunzi za ukwati wathu ku Blantyre ndi zitenje zitatu zomwe malemu agogo anandipatsa pobwera kuno. Zitenje ndinachapa, ziwiri zinapulumuka. Zithunzi zinamatana, ukati ulekanitse nkhope zimatsalira pa pulasitiki. Ndinamufunsa kuti nanga izi tilemba bwanji, anandiyankha mosazungulira kuti inshuwalansi ilipira mtengo wa alubamu ku shopu basi. Ndinalemba, alubamu imodzi, $20. Usiku umenewo sindinadye.

Kumapeto kwa April kampani inatumiza adjuster wina kudzaonanso, wathu analipo. Ine ndinangoima pakhomo la khitchini kumvetsera. Sanakalipirane ayi, amayenda chipinda ndi chipinda aliyense ndi pepala lake, uyu akuti makabati apansi okha, uyo akuti nanga apamwamba afanana bwanji ndi atsopano, uyu akuti onetsa chithunzi, uyo n'kutulutsa chithunzi chokhala ndi tsiku ndi nambala ya chinyontho. Chomwe ndinaona n'choti wa kampaniyo sanali mdani, akaonetsedwa umboni amavomera n'kulemba. Kungoti ine ndekha sindikanadziwa umboni oti ndimuonetse, ngakhale mawu ake oti ndiyankhule. Wathu amadziwanso masiku omwe lamulo la Texas limapatsa kampani, masiku 15 oti avomere kuti alandira claim, masiku 15 a ntchito oti ayankhe atalandira zonse zomwe apempha, masiku 5 a ntchito oti alipire akavomera, ndipo pa ngozi yaikulu ya nyengo amawonjezeredwa masiku ena 15. Imelo iliyonse yomwe amalemba imakhala ndi madeti, nde mayankho anayamba kubwera msanga kusiyana ndi nthawi yomwe ndinkaimba ndekha n'kumangouzidwa kuti fayilo yanu ikuonedwa.

Sikuti anapambana zonse. Makabati apamwamba kampani inakana, tinangogwirizana zowapenta kuti afananeko. Ndalama ya pulambala yolumikiza payipi yeniyeniyo policy yathu sinkalipira, imalipira zomwe madzi aononga ndi kuboola kuti ufike pa payipi. Za nkhungu zinali ndi malire ochepa omwe analembedwa kale, sakanawasuntha. Ndipo pansi pa sinki ya kubafa panali powola pomwe ine ndinkafuna tilowetse nawo, iye anayang'ana nati apa ndi pakale, pakhala pakudontha zaka, sizikukhudzana ndi chisanu, sindilemba. Ndinakhumudwa tsiku limenelo, koma pano ndimamulemekeza chifukwa cha zomwezo. Kunamiza inshuwalansi kuno ndi mlandu waukulu, ndipo bodza limodzi likhoza kugwetsa claim yonse.

Ndalama zinabwera m'magawo, mu May, mu July, zomaliza mu September titatumiza malisiti. Zonse pamodzi, nyumba, katundu ndi hotela, zinakwana $44,600 kuphatikiza cheke choyamba chija. China chomwe palibe anandiuza poyamba, macheke a nyumba amalembedwa dzina lako ndi la kampani ya ngongole ya nyumba, sungangokaika ku banki. Umatumiza kwa iwo, iwo n'kumakutulutsira pang'onopang'ono akatumiza munthu kudzaona kuti ntchito yafika pati. Pamenepa panatidyeranso masabata, kontirakita akufuna ndalama ife tikudikira siginecha.

Adjuster wathu uja anatenga $3,770. Ndisaname, inawawa. Ndalama imeneyi kampani siikubwezera, imachoka pa ndalama zomwezo zokonzera nyumba, nde pamodzi ndi deductible panali dzenje la madola opitirira 6,000 loti tikwirire tokha. Tinapenta tokha zipinda ziwiri, ine ndi bambo aana usiku tikaweruka, ndipo sofa tinagula yotsika mtengo kuposa yakale. Komabe ndikaika $6,900 mbali iyi ndi zomwe tinatsala nazo mbali inayo, sindinong'oneza bondo. Chomwe chimandipweteka ndi china, kuti munthu olipira inshuwalansi mokhulupirika afunike kulipiranso munthu wina kuti alandire zomwe zinalembedwa kale mu mgwirizano wake. Zimenezo sindinazivomerebe mumtima.

Ndiye musamve ngati ndikuti aliyense athamangire public adjuster. Aneba athu oyang'anizana nawo payipi inaphulika mu galaja, zowonongeka zochepa, kampani inawapatsa ndalama zomwe zinakwanira, akanalemba munthu akanangotaya 10 peresenti pachabe. Palinso zomwe adjuster sangathe ngakhale akhale katswiri bwanji. Sangapange chitetezo chomwe sunagule. Mayi wa ku Kenya uja amanena za aneba ake nthawi ya Harvey omwe analibe inshuwalansi ya madzi osefukira, poti inshuwalansi wamba ya nyumba simalipira madzi ochokera kunja, imeneyo imagulidwa payokha, kawirikawiri kudzera ku pulogalamu ya boma ya NFIP yomwe ili pansi pa FEMA, bungwe loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo imalekeza pa $250,000 ya nyumba ndi $100,000 ya katundu. Amene analibe, panalibe choti adjuster akakambe. Komanso iye si loya, sangakuimire kukhoti. Kampani ikakana claim yonse ponena kuti policy siikhudza ngozi imeneyo, nkhani imeneyo ndi ya maloya. Ngati mwangosiyana pa kuchuluka kwa ndalama, ma policy ambiri ali ndi njira yomwe amati appraisal, iwe usankha munthu wako, kampani wake, akalephera kumvana pamabwera wachitatu odula. Ndipo kukadandaula ku TDI ndi kwaulere, sikufuna adjuster kapena loya.

Mu March 2023 namondwe Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche, msuweni wanga anandiimbira ali pa sukulu pomwe anthu amasungidwa. Nyumba yake ya zipinda zitatu yomwe anamanga kwa zaka 9 inapita usiku umodzi. Ndili pa foni ndinatsala pang'ono kumufunsa kuti mwajambula zithunzi, malisiti muli nawo, kenako ndinadzigwira pakamwa. Akajambula apite nazo kwa ndani? Panalibe kampani yoti akangane nayo, panalibe policy yoti munthu awerenge. Tinangosonkherana pachibale n'kutumiza zomwe tinakwanitsa. Ndinakhala masiku angapo ndikuganiza kuti mkangano wanga wa miyezi 7 uja, ngakhale unali owawa, unali wa munthu yemwe ali ndi pepala m'manja.

Chaka chotsatira pa 8 July 2024 namondwe Beryl anadutsa kuno ku Houston, magetsi anathimanso kwa anthu opitirira 2 miliyoni, ife tinapulumuka, mpanda okha ndi omwe unagwa. Patatha masabata angapo mnyamata wina wa kwathu yemwe anangogula nyumba kumene anandiimbira. "Asisi, ndamva munadutsamo mu zimenezi, mtengo unagwera denga langa, andipatsa cheke koma ndikuopa kuchiika ku banki, mwina ndikaika ndiye kuti ndavomera." Ndinapita Loweruka ndi chikwama changa cha mapepala. Tinayang'ana chekecho kutsogolo ndi kumbuyo komanso kalata yake, panalibe pomwe analemba kuti ndi malipiro omaliza, panalibenso pepala loti asaine kuti nkhani yatha, nde ndinamuuza kuti nthawi zambiri cheke chotere ndi gawo loyamba chabe, koma alembe imelo kuwafunsa kuti amuyankhe molemba. Kenako tinatsegula policy. Deductible yake ya mphepo sinali nambala yokhazikika ngati yathu ija, inali 2 peresenti ya mtengo omwe nyumba inalembedwa, $300,000, ndiye kuti $6,000 yoyamba ndi yake. Iye ankaganiza kuti ndi 2 peresenti ya zowonongeka. Anakhala chete nthawi yaitali ndithu.

Titawerengera, kusiyana kwa pepala la kampani ndi la munthu okonza madenga kunali madola 3,000 ndi kanthu, makamaka pa matabwa a pansi pa denga omwe adjuster sanawaone poti sanalowe m'mwamba. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, apa musalembe munthu, ndi zochepa, mukhoza nokha." Tinakwera limodzi pa makwerero, iye kutsogolo ndi tochi ine ndikujambula, matabwa atatu anali atathyoka ndipo kuwala kwa dzuwa kumalowa pa mng'alu. Tinatsika, tinakhala pa thebulo la kukhitchini kwake, mkazi wake akutiphikira nsima, n'kulemba imelo yopempha kuti abwerenso adzaone, zithunzi 14 ndi pepala la okonza denga tinaziphatikiza pomwepo. Anabwera patatha masiku 10.